Tsiku la Khumi ndi Chitatu

6 Epulo

Okondedwa mayi a ana,

Landirani moni wochokera kutali kuno. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli moyo, inu, ana ndi amayi anga. Ine ndili bwino, kungoti ndili m'khola.

Musadabwe kuona pepala. Foni yanu inafa kalekale, yanga nayo inagwera m'thanki yotsukira malalanje sabata yatha, ndipo masitolo onse ndi otseka. Mwayi wake dalaivala wakwathu uja akuyendabe, poti mathiraki a zakudya sanawaletse. Kalata ndimaika mu jumbo, mlonda amaiyanika padzuwa tsiku lonse ngati malaya onyowa, kenako n'kumupatsa. Iye azisiya kwa a Golosale.

Mliri uja wafika pafakitale pathu. Lachisanu anapeza anthu awiri akutentha thupi kuchipinda chozizira kumene timalongedzera zipatso. Anatseka zonse, ife n'kutikhomera m'nyumba yogona, tcheni pageti. Lamulo lake ndi ili: tithe masiku 14 popanda aliyense wotentha thupi, atitsegulira. Akapezeka mmodzi amamutengera kumatenti, matiresi ake amawotcha, ife n'kuyambiranso kuwerenga pa ziro. M'mawa uliwonse timaima pamzere, nesi n'kumatiloza pachipumi ndi kamfuti koyezera kutentha. Lero ndi tsiku lachitatu.

Pali chinthu chimene sindinakuuzenipo chifukwa cha manyazi. Bedi limene ndinkati langa lija si langa ndekha. Muno muli mabedi 8, anthu tilimo 16. A shifiti ya masana timagona usiku, a shifiti ya usiku amagona masana, lendi timagawana pakati. Zaka ziwiri ndakhala ndikugona bedi limodzi ndi munthu amene sindinamuonepo nkhope, chifukwa ine ndikamalowa iye amakhala atatuluka kale. Ndinkangomudziwira fungo la mafuta opaka m'mawondo. Tsopano tonse tili muno nthawi imodzi. Tsiku loyamba tinaima wina uku wina uko kwa bedi, kuyang'anana ngati akazi a mitala.

"Ndiye ndinu amene mumasiya nyenyeswa za buledi?" anatero.

"Nanga ndinu amene mumanunkhitsa pilo?" ndinatero ine.

Tinaseka. Ndi bambo wachikulire, wamfupi, wa imvi m'ndevu. Anzake amawatchula a Mleme chifukwa atha zaka 9 akugona masana.

Za kunyumba: amayi muziwatembenuza pafupipafupi, mbali yakufa ija ingatuluke zilonda. Mankhwala awo asathe. Ndatumiza kangachepe, muyambe kugula sopo, zina pambuyo. Kuno buledi wakwera kawiri sabata imodzi. Amayi a kutchalitchi akabwera asadzadzane m'chipinda mwa odwala, apempherere panja. Mulungu si wogontha.

Ndine mwamuna wanu.

17 Epulo

Mayi a ana,

Moni nonse. Mwadzuka bwanji kumeneko? Nanga amayi akupezako bwanji? Ine thupi lili bwino, mtima ndi umene watopa.

Tinafika tsiku la 11, ena atayamba kale kupukuta nsapato. Lachiwiri kamfuti kanalira pachipumi cha mmodzi wa a usiku. Anamutenga, matiresi anapsa pabwalo ife tikuona, ndipo a Kapitawo anafufuta mizere yonse imene tinkalemba pakhoma ndi khala. Palibe anatukwana. Wina anangopita kukatsuka mbale zotsukatsuka kale.

Nesi watibweretsera pepala la malangizo ochepetsera nkhawa. Akuti tizipuma mpweya pang'onopang'ono, tizilimbitsa thupi, tizigona nthawi yake, tisamamvere wailesi tsiku lonse, tiziuza mnzathu zakukhosi. Pamapeto alemba kuti tizikhala motalikirana mamita awiri. Apa ndiye tinaseka mpaka misozi. Mamita awiri kuchokera pabedi langa ndi m'kamwa mwa munthu wina.

Komabe a Kapitawo atolapo nzeru. Anati, "Amuna inu, tikangokhala chonchi tiphana. Fakitale yatsekedwa koma shifiti sinatsekedwe." Ndiye 6 koloko m'mawa amamenya chivindikiro cha poto, a masana timadzuka, a usiku amalowa m'mabulangete. Madzulo amamenyanso, timasinthana. Ntchito yathu ndi kusesa bwalo losesasesa, kuchapa zovala zoyera kale, ndi kuzungulira mpanda ka 40. Wina watolera miyala, akuisankha yaikulu payokha yaing'ono payokha, n'kumailongedza m'katoni ngati malalanje. Poyamba tinkamuseka. Lero tilipo anayi pa ntchito imeneyi, ndipo timakangana kwambiri mwala ukalowa katoni yolakwika.

Musaseke, zimathandiza. Manja akakhala chabe, mutu ndi umene umagwira ntchito, ndipo wanga ntchito yake ndi yoipa. Pali chinthu chimandikhala pachifuwa ngati thumba la simenti, makamaka masana dzuwa likafika pamutu. Ndinaopa, ndinamunong'oneza nesi. Anati si mliri, ndi maganizo. Ndimakhala tsonga n'kumapuma monga pepala lanenera, kuwerenga mpaka kanayi. Sichichoka, koma chimasendera pang'ono.

Nthawi imene ndimaikonda ndi yosinthana bedi. Ine ndi a Mleme timakhala m'mphepete mwake ndi tiyi, mphindi makumi atatu. Ndawauza za amayi, za tsiku limene anagwa pakhomo pakamwa n'kupindika. Iwo andiuza kuti akazi awo anatopa kudikira, anakwatiwa kwina, koma ali ndi mwana wamkazi mphunzitsi amene sanamuone zaka zisanu. Akamanena za iye amaiwala tiyi mpaka kuzizira.

Mwana wamkuluyo asamangoyendayenda poti sukulu atseka. Mabuku ake awerenge, ndidzamufunsa. Denga la khitchini lisiyeni kaye.

Wanu yemwe uja.

28 Epulo

Mayi a ana,

Moni. Kalata yanu ndailandira, ndaiwerenga kanayi. Ndathokoza kuti inu ndi ana muli bwino. Koma za amayi sizinandikomere.

Mwati akukana chakudya, ndipo galimoto ikangolira pamsewu amakufunsani kuti, "Wafika?" Mwati ndisazengereze. Ndamva. Inu simuli munthu wokuza nkhani, ngakhale mwana atathyoka mkono munandilembera kuti wadzikanda. Ndiye mukati ndibwere, ndikudziwa tanthauzo lake.

Kuno tabwerera pa ziro kawiri kenanso. Koyamba tinali pa tsiku lachisanu, dzulo tinali pa la 8. Tatsala anthu 13, matiresi 5. Amene anzawo a bedi anatengedwa akugona pa makatoni. Anthu ayamba kulusa. Wina akatsokomola chipinda chonse chimatembenuka. Dzana anthu awiri anagwirana makolala chifukwa cha supuni.

Koma pali nkhani yabwino, mukawauze amayi. Ofesi yakonza basi yotenga anthu obwera amene akufuna kubwerera kwawo. Idzanyamuka Lachitatu pa 13 Meyi, kumeneko idzafika Lachisanu pa 15. Akuti ina sakudziwa kuti idzakhalako liti. Wokwera ayenera kukhala ndi chiphaso cha nesi choti nyumba yake yatha masiku 14 popanda wodwala. Lero ndi tsiku loyamba. Tikayenda bwino timaliza pa 11 Meyi. Tikangopunthwa kamodzi kokha, basiyo tidzaimvera m'mbiri. Ndalembetsa dzina. Muno talembetsa anthu 9, a Mleme nawonso.

A Kapitawo atisonkhanitsa lero nesi atachoka. Anati, "Kuyambira lero muno mulibe wodwala. Mwamva? Mutu ukamapweteka ndi wako, usunge." Palibe anatsutsa. Wokonza magetsi wathu wadzutsa filiji yakale ya kukhitchini imene inafa chaka chatha. Tsiku lonse anali chogona pansi pake, ndipo tsopano ikulira ngati yatsopano.

Ulendo uno sinditumiza kanthu, ndikusungira tikiti. Ngati zavuta gulitsani mbuzi yaimuna ija, koma musalole mtengo woyamba. Amayi muziwapatsa pang'onopang'ono ndi supuni, muziwauza kuti ndati adye kuti ndidzawapeze ali ndi mphamvu zondikalipira.

Ndine bambo a ana.

5 Meyi

Mayi a ana,

Moni kwa nonse. Ndikhulupirira amayi akugwirabe. Ine ndilipo.

Tili pa tsiku la 8. Mizere ikuchuluka pakhoma, ndipo palibe amene amayandikira khomalo, kuopa kuikhudza ndi phewa.

Masiku ano ndikugona pa makatoni. Musade nkhawa, msana wanga umakonda zolimba. Kungoti a Mleme atopa, chivindikiro chikalira madzulo sakudzuka msanga, ndiye ndati angopitiriza. Mnzako akapsa ndevu m'zimire. Tiyi wathu uja timamwabe, ngakhale iwo amangogwira kapu.

M'filiji mwadzaza mabotolo a madzi oundana. M'mawa nesi asanafike aliyense amatenga lake n'kuligwiritsa pachipumi mphindi zingapo, kenako n'kupukuta bwinobwino. A Kapitawo akuti n'zochotsa tulo. Ife ndife anthu a chipinda chozizira, timadziwa zimene katoni yotentha imafuna woyeza zipatso asanafike. Sindinafunse zambiri, inunso musandifunse.

Miyala ndasiya kusankha. Kuzungulira mpanda ndimazungulira, koma ndimaiwala kuwerenga. Thumba lija labwerera pachifuwa, ndipo kupuma kwa papepala sikukulisunthanso. Pepala linanena kuti tiziuza mnzathu zakukhosi. Nanga zakukhosizo zikakhala zokhudza mnzakoyo, umauza ndani?

Ndikafika sindidzalowa m'nyumba nthawi yomweyo. Mundikonzere mphasa kukhitchini, ndidzakhala kumeneko masiku angapo. Amayi ndidzawaonera pazenera, bola andione ndi kundimva. Anawo muwauze asadzandithamangire. Ndikudziwa wamng'onoyo sadzamva, mudzamugwire dzanja.

Ndawagulira amayi juzi yofiirira kwa mnzathu wina muno, yatsopano, sanaivalepo. Inu ndinalibe pokugulirani kanthu. Mudzalandire mwini wakeyo, wabwerako mafupa okhaokha koma ndi wanu.

Mwamuna wanu.

9 Meyi

Mayi a ana,

Moni. Ndilemba mwachidule, dalaivala akunyamuka masana ano ndipo mlonda wavomera kuti jumbo isayanikidwe.

Tsiku la 12. Kwatsala mawa ndi mkucha. Chikwama ndamanga kale. Muwauze amayi kuti Lachisanu, dzuwa lisanalowe.

Muno anthu ayamba kuimba. A Kapitawo ameta. Ine sindikugona bwino. Makatoni anga ali pafupi ndi bedi, ndiye ndimamva chilichonse. Kodi munamvapo munthu akupuma ngati akucheka thabwa lonyowa? Dzulo a Mleme anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Musaope, achimwene, ndi chimfine cha ukalamba. Inu muzingogwiritsa botolo. Mayi anu akudikira, mwana wanga nayenso akudikira." Pamzere timawaika pakati pa ine ndi wokonza magetsi, mapewa ogundana.

Masiku awiri si kanthu. Munthu angathe kupirira masiku awiri. Si choncho?

Mutipempherere tonse.

Wanu.

11 Meyi

Mayi a ana,

Moni ndikupatsani, koma musanawerenge mukhale pansi, ndipo musawerengere pafupi ndi amayi. Thupi langa lili bwino. Sindikubwera pa basi ija.

Ndikuuzani zonse, ndatopa ndi kulemba theka. A Mleme anayamba kutentha thupi pa tsiku lachisanu ndi chimodzi. Tonse tinkadziwa. M'mawa uliwonse ine ndi manja angawa ndinkawagwiritsa botolo la ayezi pachipumi mpaka khungu kuzizira, kuti kamfuti kanamizidwe. Ndinkadziuza kuti ndikuwathandiza, poti nawonso ankafuna basiyo. Zoona zake ndinkadzithandiza ndekha.

Dzulo Lamlungu linali tsiku la 13. Nditawadzutsa sanandizindikire, ananditchula dzina la mwana wawo. Milomo inali yotuwa ngati phulusa. Tinawaveka jekete, botolo tinagwiritsa, tinawanyamula m'khwapa mpaka pamzere. Kamfuti kanaloza, sikanalire. Nesi anapitirira kwa wotsatira. Ndinamva thupi lawo lonse likulemera paphewa langa, kutentha kwake kukudutsa jekete yawo ndi malaya anga.

Sindinaganize, ndisakunamizeni kuti ndinaganiza. Pakamwa panangotseguka.

"Anesi, tabwererani. Awa muwayeze m'khwapa."

"Iwe!" anatero a Kapitawo. "Khala chete!"

"Muwayeze m'khwapa," ndinabwereza.

Anawayeza. Nesi anangoyang'ana nambala n'kuthamangira foni, ndipo galimoto inabwera mofulumira kuposa masiku onse. Powakweza a Mleme anatsegula maso n'kundiyang'ana. Sindikudziwa ngati anali maso othokoza kapena odandaula. Matiresi athu anapsa masana. Filiji anaitulutsa.

Anthu 8 ataya ulendo chifukwa cha ine, kuphatikizapo ine ndemwe. Mmodzi mkazi wake wabereka mwezi watha, mwana sanamuone. Iyeyo sananditukwane, anangokhala pakhomo n'kumalira, ndipo ndikanakonda akanandimenya. Wina waponya nsapato yanga padenga. Wina anati, "Tsiku limodzi lokha! Madalawo akanafa ndi tsiku limodzi?" Inenso sindikudziwa. Pa chakudya palibe akukhala nane pafupi. Mamita awiri aja tsopano ndawapeza.

Amayi muwauze mwanzeru, inu mukudziwa nthawi imene mutu wawo umakhala bwino. Muwauze kuti palibe amene wanditsekereza, ndachita ndekha. Muwauze kuti iwo ndi amene anandilera chonchi, ndiye akandikwiyira akwiye pang'ono. Adikire, ndidzapeza njira ina ngakhale kukwera pamwamba pa thiraki.

Dalaivala sanyamuka mpaka Lachinayi. Mawa ndibwereka foni ndiimbire a Golosale kuti mumve msanga.

Ndine mwamuna wanu, wotopa.

30 Meyi

Mayi a ana,

Moni. Sindikudziwa kuti ndifunse bwanji za moyo wanu, koma ndikufunsa. Anawo akudya? Inu mukugona? Ine ndilipo, ndimadzuka, ndimagona.

Uthenga wa maliro a amayi unandipeza Lamlungu lomwelo pa 17. A Golosale anaimbira wokonza magetsi, iye anabwera kumpanda kumene ndinali n'kundigwira paphewa. Aka kanali koyamba munthu kundikhudza sabata yathunthu. Madzulo anzanga onse anabwera kudzakhala mozungulira makatoni anga, ngakhale amene anaponya nsapato uja. Anaimba nyimbo ziwiri. Umenewo ndiwo unali maliro a amayi kuno.

Zikomo chifukwa cha zonse zimene munachita, inu ndi alamu anu. Zikomo powasambitsa nokha. Juzi ija ndidzabwera nayo, mudzavale ndinu.

Anatitsegulira Lolemba pa 25. Tcheni chitachoka anthu anathamangira kumsewu akukuwa. Ine ndinatuluka, ndinaima panja pa geti, ndinayang'ana kumanja ndi kumanzere, kenako ndinabwerera m'kati. Fakitale iyamba sabata ya mawa. Za basi ina sizikumveka, ndipo changu chatha.

A Mleme ali moyo. Atuluka Lachinayi, aonda, akuyenda chogwira khoma. Adokotala anawauza kuti akanachedwa tsiku lina limodzi, bwenzi tikunena zina. Anabwera kudzakhala pafupi nane, anati, "Ndamva, achimwene. Pepani." Ndinati, "Zikomo." Sindikudana nawo, ndikukondwa kuti mwana wawo akadali ndi bambo. Koma basi inafika Lachisanu, amayi anapita Lamlungu, ndipo ndikaona nkhope yawo ndimaona masiku awiri amenewo. Musandifunse ngati ndikudandaula kuti ndinalankhula. M'mawa ndimayankha zina, madzulo zina.

Kalata yanu yafika dzulo. Mwalemba kuti yanga ya pa 11 inakupezani Lachiwiri, mutaika kale. Mwalemba kuti Lachisanu lija munadzuka m'mamawa, munawasambitsa amayi, munawaveka diresi lawo labwino, ndipo inu ndi mwana wamkulu munawanyamula pampando mpaka pakhomo poyang'ana msewu. Mwati tsiku limenelo anadya mbale yonse. Mwati anaona ana a anthu ena akudutsa ndi zikwama, n'kumatukula dzanja lamoyo lija kwa aliyense. Dzuwa litalowa munawauza kuti basi zinali ziwiri, yanga yachedwa pamalire. Loweruka anapempha kuti muwatulutsenso, ndipo munawatulutsa.

Simunanditukwane m'kalata monse. Za a Mleme mwati mukanakhala inu mukanachita chimodzimodzi. Mwangofunsa funso limodzi pamapeto, kuti kodi foni yobwereka inasowa.

Ndakhala ndi funso limeneli kuyambira dzulo, ndipo ndayesa mayankho ambiri. Ndikanatha kunena kuti anthu anali atandikwiyira, palibe akanandibwereka, inu mukanakhulupirira. Koma Lachiwiri lija m'mawa a Kapitawo, amene sankandilankhula, anabwera n'kuponya foni yawo pa makatoni anga. Anati, "Imba kwanu, anthu asadikire chabe." Ndinapita nayo kuseri kwa bafa. Ndinalemba nambala ya a Golosale yonse. Ndinaganiza za mawu anu, ndi amayi akufunsa chapatali kuti ndani akuimba. Ndinaima pamenepo mpaka foni inazima yokha, kenako ndinakaibweza n'kunena kuti ndaimba. Ndinasankha pepala chifukwa pepala limayenda pang'onopang'ono, ndipo likamafika ine sindikhalapo.

Za pamzere paja ndingathe kuima pamaso pa aliyense. Za foni sindingathe. Inu munawanyamula kuwatulutsa, inu munawanyamula kuwabweza m'nyumba, inu munanama m'malo mwanga masiku awiri, musakudziwa ngati ndili moyo kapena ndafera panjira. Foni inalipo, mayi a ana. Inali m'dzanja langali.

Musafulumire kundikhululukira. Mungondilemberako, ngakhale mizere iwiri.

Mwamuna wanu.